Mtanga wa Msenga ndi Zipata za Boma

Munthu wochoka ku Lundazi kulowera kumpoto, akatsika zitunda nayamba kumva kutentha kwa chigwa cha Luangwa, amafika m'dziko la Asenga, kwa Mfumu Yaikulu Kambombo ndi mafumu anzake, a Tembwe, a Chikwa, a Chifunda, a Chibale, a Mulilo ndi a Lundu. Ndipo akafika m'nyengo ya masika, chimene chimayamba kumulonjera, eni mudzi asanamupatse ndi moni womwe, ndilo fungo la mpunga wa ku Chama, umene mbiri yake idafika kalekale m'makhitchini a ku Lusaka ndi a ku Migodi. Mlendo wotere, ngati ali wa maso openya, sachedwa kudzifunsa kuti kodi anthu okhala ndi mbewu yokondedwa chomwechi alekeranji kukhala ndi zigayo zazikulu, mosungira katundu ndi magalimoto awoawo, kuti mpunga wawo uzituluka m'chigwa uli m'thumba lolembedwa dzina la mwana wa pomwepo. Ambiri amayankha kuti vuto ndi msewu, ndipo sanama. Koma ine ndikhulupirira kuti pali msewu wina woipa koposa wa fumbiwo, ndiwo wa malamulo, umene mwana wa ku Chama wakhala akupunthwapo kwa zaka zoposa zana limodzi.

Akuluakulu amasimba kuti makolo a mafumu a Asenga adachokera ku Uluwa, nadzera m'dziko la Abisa, nafika m'chigwachi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, kumene adapeza anthu olankhula Chitumbuka, nakwatira ana awo aakazi, natenga chilankhulo chawo. N'chifukwa chake Chisenga chili pafupi ndi Chitumbuka, ndipo sitiyenera kuwasokoneza anthuwa ndi Ansenga a ku Petauke. Ng'ombe sizidathe kukhala m'chigwamo chifukwa cha kashembe, kotero chuma cha Msenga chidali m'nthaka yachonde imene mitsinje imasiya madzi akaphwa. M'menemo ankalima fodya wamphamvu ndi thonje, naomba nsalu ndi manja awo, ndipo amuna ankasenza katunduyo kukwera naye mapiri a Muchinga kunka kwa Abisa ndi Abemba, kapena kum'mawa kwa Atumbuka, nabwerako ndi makasu, mchere ndi zina zosowa kwawo. Katswiri wina wa zachuma, Marvin Miracle, adalemba za malonda amenewa m'chaka cha 1962, ndipo zimene adapeza zikutsimikiza kuti Msenga sadaphunzire malonda kwa Mzungu kapena kwa Mmwenye. Adali nawo kale m'magazi.

Sindikunena kuti masiku amenewo kudalibe malamulo, kapena kuti kudali mtendere wokhawokha. Mlenje akapha njovu, nyanga yogunda pansi idali ya mfumu mwini nthaka, ndipo wamalonda wodutsa m'dziko la eni ankayamba waonekera kubwalo ndi kamphatso m'manja. Komatu lamulo limenelo lidali ndi nkhope. Munthu ankatha kuliombera m'manja, kulidandaulira, ngakhale kulithawa n'kukakhala kwa mfumu ina ngati lalemera. Choipa chenicheni cha nthawiyo chidali malonda a anthu, pakuti Aluya ndi Aswahili ofuna minyanga ankafunanso akapolo oisenza, ndipo midzi yambiri idakhala m'malinga chifukwa cha mantha. M'chaka cha 1897, pamene mudzi wa Mfumu Chibale udazingidwa ndi anthu otere, amene adadza kudzathandiza adali Robert Young wa kampani ya British South Africa, kuchokera ku boma la Mirongo. Choncho ulamuliro watsopano udalowa m'dziko la Asenga ngati mpulumutsi, ndipo anthu adaulandira ndi manja awiri; koma walira mvula walira matope.

Matope oyamba adali msonkho wa nyumba, umene udayamba m'chaka cha 1901, masheleni atatu pa chaka, ndipo boma lidaufuna m'ndalama. Munthu amene chuma chake chidali m'mitanda ya fodya ndi m'nsalu zoomba yekha adapezeka mwadzidzidzi ali mmphawi pamaso pa lamulo, ndipo njira yapafupi yopezera sheleni idali kusiya mkazi ndi munda n'kupita kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia, ndipo pambuyo pake ku migodi ya mkuwa. Mfuti idafuna chiphaso, njovu idafuna chiphaso chodula chimene mlenje wa m'mudzi sakadachikwanitsa, pamene alenje achizungu okhala ndi ndalama ankalowa m'chigwa momwemo natuluka ndi minyanga masana dzuwa likuswa mtengo. Nsalu ya Msenga, kunena zoona, sidaphedwe ndi lamulo. Idagonja kwa nsalu yotsika mtengo ya m'sitolo. Koma munthu akagonja pa malonda amodzi amayesa ena, ndipo apa ndi pamene zipata zidayamba kutsekedwa chimodzichimodzi.

Chipata chachikulu chidatsekedwa chifukwa cha matenda a kaodzera. M'chaka cha 1910 madokotala a ku England adapeza mtundu watsopano wa kachilombo ka matendawa m'magazi a munthu amene adadwalira m'chigwa cha Luangwa, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira Allan Kinghorn ndi Warrington Yorke, atamanga misasa yawo ku Nawalia, adaonetsa kuti kashembe wamba wa m'tchire ndiye amafalitsa nthendayo. Boma, pochita mantha kuti mliri ungafike kumene kudali Azungu ndi antchito awo, lidaika chigwacho pansi pa malamulo oletsa kuyenda, ndipo kwa zaka zoposa khumi munthu sankatuluka kapena kulowa mwaufulu monga kale. Ndani angatsutse kuti matendawo adali oopsa? Koma taganizani za mlimi wa fodya amene msika wake udali kutsidya kwa mapiri, ndipo makasitomala ake adamudikira chaka choyamba, namudikira chachiwiri, kenaka nazolowera kugula kwa wina. Malonda ali ngati njira ya kumunda, imene ikaleka kupondedwa imamera udzu. Ndipo pamene chipata chidatsegulidwanso, sitolo za Mandala ndi za Amwenye, amene adayamba kufika ku Fort Jameson, ndiye Chipata ya lero, cha m'ma 1905, zidali zitazika kale mizu kumtunda.

Sitolo zimenezo zidali ndi laisensi, zidali ndi abale ku Limbe ndi ku Bombay owapatsa katundu pa ngongole, ndipo zidali ndi malo odziwika ndi boma. Mwafirika wofuna kuyamba malonda ankaloledwa kukhala woyenda ndi katundu pa njinga kapena kutsegula kasitolo m'mudzi, atalipira chiphaso chake. Koma katunduyo ankamugula kwa yemwe ankapikisana naye, pa mtengo umene mnzakeyo wakonda, ndipo kubanki sakadapita, popeza nthaka ya makolo ilibe pepala loti munthu n'kupereka chikole. Chitsanzo choonekeratu cha mtima wa malamulo a nthawiyo ndi lamulo la chimanga la 1935, limene lidayamba kugwira ntchito mu 1936 m'madera a m'mbali mwa njanji: alimi achizungu, amene adali ochepa, adapatsidwa magawo atatu a msika wa m'dziko, ndipo alimi onse achifirika adagawana gawo limodzi lotsalalo. Lamulolo silidafike ku Chama, pakuti chimanga cha ku Chama sichikadafika kunjanji; koma lidabzala mbewu imene idadzamera m'dziko lonse, ndiyo ganizo lakuti mlimi asamasankhe yekha womugula, koma boma limusankhire.

Za nyama ndingodutsapo mwachidule, ngakhale kuti kwa munthu wa m'chigwa nkhaniyi ndi chilonda chosapola. Nkhalango za Luangwa zidapatulidwa kukhala malo osungira nyama mu 1938, nizikwezedwa kukhala mapaki mu 1972, ndipo dera lalikulu la boma la Chama lili m'chigawo choyang'anira nyama cha Musalangu, m'mene anthu amaloledwa kukhala koma nyama ndi za boma. Ufulu wosakitsa alendo olemera umabwerekedwa kwa makampani okhala ndi chuma chokwanira kupikisana pa mpikisano wa boma, ndipo ngakhale kuti gawo la ndalamazo limabwerera kwa anthu kudzera m'makomiti a m'midzi, mdzukulu wa mlenje uja angayembekeze kulembedwa ntchito yolondola mapazi a nyama, osati kukhala mwini malonda. Njovu ikadya mpunga wake usiku umodzi, iye amangogwira pakamwa.

Ufulu utabwera mu 1964, anthu adayembekeza kuti zipata zonse zitseguka, ndipo a Kenneth Kaunda adafunadi kuzitsegula. Pa 19 April 1968, ku Mulungushi, adalengeza kuti boma litenga magawo 51 pa 100 alionse m'makampani akuluakulu oposa makumi awiri, ndi kuti malonda a sitolo kunja kwa pakati pa mizinda ikuluikulu akhale a nzika za Zambia zokha. Ine sindikayika konse kuti cholinga chimenechi chidali cholungama, pakuti anthu amene dzulo lake ankagulira nyama pa zenera, osaloledwa kulowa pakhomo la sitolo m'dziko lawo lomwe, adayenera kuona tsiku loima kuseri kwa kauntala. Amwenye ena adatenga unzika napitiriza malonda, ena adatseka sitolo za m'midzi nasamukira m'tauni, ndipo ana a dziko adalowa m'malo mwawo ndi chimwemwe chachikulu. Koma adalowa m'nyumba yopanda nkhokwe. Unyolo wa ngongole umene unkabweretsa katundu kuchokera kutali udaduka, ndipo m'malo mwake mudaima sitolo za boma, ZCBC, NIEC ndi Mwaiseni, zimene zinkayamba kulandira katundu wa m'mafakitale a boma ndi zilolezo zoitanitsira katundu kunja. Wamalonda wamng'ono adachoka m'manja mwa mkulu wina nalowa m'manja mwa mkulu woposa, amene adali wopikisana naye, womugulitsa katundu ndi womuweruza nthawi imodzi.

Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, ndalama zakunja zidasowa, ndipo sopo, mchere, shuga ndi mafuta ophikira zidasanduka zinthu zoimira pa mzere kuyambira mbandakucha. Boma lidaika mitengo yokhazikika kuti osauka asadyeredwe masuku pamutu, ndipo apanso cholinga chidali chachifundo; koma mtengo woikidwa ndi munthu wokhala mu ofesi ku Lusaka sunkadziwa kuti thumba la shuga, kuti lifike ku Chama, liyenera kuyenda makilomita oposa 500 kufika ku Chipata, ndi ena oposa 300 kuchoka pamenepo, mbali yaikulu pa msewu umene m'dzinja unkasanduka phala. Mwini kasitolo adatsala ndi njira ziwiri zokha, kugulitsa pa mtengo wa boma n'kudya mpamba wake, kapena kuonjezapo za ulendo n'kutchedwa mdani wa dziko pamaso pa anyamata a chipani. Ambiri adasankha njira yachitatu, ndiyo kutseka chitseko. Ndipo malonda adasamukira kumdima, m'tinjira todutsa malire kunka ku Rumphi ndi ku Mzimba, kumene anthu oona mtima adaphunzira kuyenda usiku ngati akuba chifukwa cha mchere wothira m'ndiwo za ana awo.

Ku mbali ya mbewu, mbewu ija idabzalidwa mu 1935 idakula nikhala mtengo waukulu. NAMBOARD idakhazikitsidwa mu 1969, ndipo pamodzi ndi mabungwe a makopaletivu, monga Eastern Cooperative Union, idakhala wogula chimanga yekhayo wololedwa. Thonje lidapatsidwa kwa kampani ya boma ya LINTCO chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Munthu wamba sankaloledwa kugula chimanga m'boma lina n'kukagulitsa m'boma lina. Pano ndiyenera kunena chilungamo, chifukwa okalamba ambiri amakumbukira nthawi imeneyo ndi chisoni cholakalaka: boma linkagula pa mtengo umodzi m'dziko lonse, kotero mlimi wakutali ankalandira zofanana ndi wa pafupi ndi njanji, ndipo feteleza ankafika pa depoti. Chimenecho chidali chokoma, ndipo sindichinyoza. Koma wogula akakhala mmodzi, tsiku limene wachedwa kubweretsa masaka dziko lonse limadikira, tsiku limene wasowa ndalama dziko lonse limagwira risiti m'malo mwa ndalama, ndipo mvula yoyamba ikapeza milu ya chimanga ili pabwalo la depoti palibe wina woti n'kuchiombola. Choipa chachikulu koposa chidali chosaoneka ndi maso: kwa zaka makumi awiri palibe mwana wa m'chigwa amene adaphunzira kugula mbewu, kuisunga, kuinyamula ndi kuifunira msika, popeza ntchito imeneyo idali mlandu.

N'chifukwa chake pamene NAMBOARD idathetsedwa mu 1989, ndipo boma la a Frederick Chiluba litalowa mu 1991 lidamasula malonda, ufuluwo udapeza anthu a ku Chama ali manja lende, ngati mbalame yokulira m'chikwere imene yatsegulidwira chitseko mapiko atauma kale. Amene adali ndi magalimoto ndi ndalama adali a kutali, ndipo ankabwera m'chilimwe chokha, nagula mpunga pa meda ndi mtengo umene iwo anena, kapena kusinthanitsa ndi zovala za salaula. LINTCO idagulitsidwa mu 1994 kwa makampani awiri, Lonrho ndi Clark Cotton, ndipo chigawo cha kum'mawa chidagwera Clark, kotero kuti mlimi wa thonje adangoona kuti dzina la pa sikelo lasintha. M'chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo idapanga lamulo loteteza mpikisano pa malonda, limene lidalowedwa m'malo ndi lina mu 2010. Koma lamulo lotere limagwira ntchito pamene pali opikisana, ndipo silingathe kubala wogula wachiwiri kumene kulibe. Bungwe la COMACO, limene lidayamba ntchito ku Lundazi mu 2003, lidachita chinthu chotamandika pogula mpunga wa ku Chama kwa alimi amene alonjeza kusiya misampha ndi mfuti, niliugulitsa m'sitolo za m'mizinda. Bungwe la boma la Food Reserve Agency nalonso limagula. Komabe ogula awiri kapena atatu sapanga msika, ndipo funso la mlendo uja likadali chiimire.

Yankho lake lero lili m'mapepala. Boma lenilenilo, litawerenga zilolezo zonse za malonda cha m'ma 2008, lidapeza kuti zidalipo 517, nilivomera kuti 170 mwa izo zidali zosafunika. Lamulo lakale la malaisensi a sitolo lidafafanizidwa mu 2011, ndipo mu 2014 padabwera lamulo lofuna kuti chilolezo chatsopano chilichonse chiziyamba chayesedwa kulemera kwake. Zonsezi ndi zabwino. Koma tiyerekeze mayi wa kwa Tembwe amene wasunga ndalama zogulira kachigayo kopunthira mpunga, ndipo afuna kuulongedza m'mapaketi kuti ukalowe m'sitolo zazikulu za ku Chipata. Ayenera kulembetsa dzina la malonda ake ku PACRA, kutenga nambala ya msonkho ku ZRA, kulipira msonkho wa malonda kukhonsolo, kupeza chiphaso cha zaumoyo ndi cha ozimitsa moto, kupimitsa antchito ake kuchipatala, kudinditsa sikelo yake, kuyesetsa mpunga wake kwa oona za miyezo, ndi kulembetsa antchitowo ku bungwe la penshoni la NAPSA. Palibe chimodzi mwa izi chimene chili choipa pachokha, pakuti sikelo yonyenga ndi chonyansa, ndipo chakudya chauve chimapha. Koma kampani yaikulu ili ndi kalaliki amene ntchito yake ndi yomweyi, ndipo mtengo wa mapepalawo umagawidwa pa matumba zikwi zambiri. Mayi uja kalaliki ndi iye yemwe, wopuntha ndi iye yemwe, ndipo tsiku lililonse limene ali pa ulendo wa ku ofesi chigayo chake chili chete. Katundu wolemera mofanana akasenzetsedwa kwa njovu ndi kwa kalulu, wosenzetsayo sanganene kuti wachita chilungamo.

Ndipo maofesiwo sakhala malo amodzi. Mu 2011 a Michael Sata adachotsa Chama m'chigawo cha kum'mawa naliika m'chigawo chatsopano cha Muchinga, chimene likulu lake ndi Chinsali, kutsidya kwa Luangwa ndi kuseri kwa mapiri. Mu 2021 a Hakainde Hichilema adalibwezera m'chigawo cha kum'mawa, chimene likulu lake ndi Chipata. Amati zambiri tsopano zimachitika pa intaneti, ndipo n'zoona kwa iye amene ali ndi foni yabwino, magetsi ndi netiweki, zinthu zimene m'midzi yambiri ya m'chigwa zimapezeka mwa apo ndi apo. Msika wapafupi kwa anthu ambiri a kum'mawa kwa bomali uli ku Malawi, kwa abale awo olankhula chilankhulo chimodzi. Koma njira yofewetsera malonda ang'onoang'ono a pamalire, imene COMESA idayambitsa mu 2010, idayambira pa chipata cha Mwami, kufupi ndi Chipata, ndipo chaka chimene boma latseka malire a chimanga, monga lidachitira mu 2016 ndiponso m'chilala cha 2024, mlimi wa pamalire amaona mtengo wabwino uli patsidya pa dambo koma sangaufikire. Kuteteza dziko ku njala ndi udindo wa boma, ndipo palibe wanzeru angautsutse. Koma malire akatsegulidwa, zilolezo zotumizira mbewu kunja zimayamba kufika kwa iwo okhala pafupi ndi likulu, amene adagula kale chimangacho motchipa pamene chipata chidali chotseka.

Mu 2022 thumba la chitukuko cha dera la phungu aliyense lidakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo Chama, pokhala ndi madera awiri panthawiyo, Chama North ndi Chama South, idalandira ndalama zimene makolo athu sadazilotepo. Boma lidanena kuti ntchito zomanga ndi zopereka katundu zizipatsidwa kwa eni dera, ndipo mawu amenewo ndi okoma m'khutu. Koma mmisiri wa matabwa wa kwa Chikwa, amene angathe kukhoma madesiki olimba a sukulu ya m'mudzi mwake, sangapikisane nawo popanda kampani yolembetsedwa, chikalata chosonyeza kuti alibe ngongole ya msonkho ndi buku la kubanki. Akalephera, ntchito imapita kwa wa m'tauni wokhala ndi mapepala, amene nthawi zina amabwera kudzalemba mmisiri yemweyo ganyu.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo chifukwa chake ndikupempha inu aphungu athu, inu makhansala, ndi inu mafumu athu amene mawu anu amamveka pa mwambo wa Kwenje pamene akuluakulu a boma akhala pansi kumvetsera: pemphani kuti pa boma la Chama pakhale khomo limodzi pamene wamalonda wamng'ono angatsirize mapepala ake onse tsiku limodzi, kuti malipiro a ziphaso ayesedwe molingana ndi kukula kwa malonda, kuti oyesa masikelo ndi oona za miyezo azibwera okha m'chigwa nthawi yokolola, m'malo moti mayi wa kwa Tembwe aziwalondola ku Chipata, ndi kuti lamulo lililonse latsopano la malonda, lisanasindikizidwe, liziyamba lawerengedwa m'Chisenga pabwalo la mfumu, pamaso pa anthu amene adzalisenze.